Nthabwala ya Munthu wa Chipewa

Pa zaka makumi atatu zimene Bambo akhala akumeta anthu, shopu yawo anaitsekapo masana kamodzi kokha, ndipo anaitsekera ine. Anabwera ku yunivesite kudzandimvera ndikulankhula. Atabwerako anaika lumo lawo m'dirowa, ndipo kwa milungu itatu sanalikhudze.

Shopuyo ndi kachipinda kamodzi, pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Muli mpando umodzi wometera, benchi ya anthu anayi, ndi galasi lalikulu lothimbirira m'makona. Achinyamata salowamo, amapita kumene kuli nyimbo ndi makina atatuatatu. Kwa Bambo kumabwera amuna achikulire ofuna kumetedwa ndevu ndi lumo, lumo lenileni lopinda, lonolera pa lamba wachikopa wopachikidwa pamsomali. Mumsewu wonsewo luso limeneli latsala ndi iwo okha. Mutawalanda lumolo, angatsale ndi makina amodzi olira ngati njuchi yodwala, ndipo sipangakhalenso chifukwa choti munthu adutse mashopu asanu kudzakhala pampando wawo.

Bambo alinso ndi nthabwala imodzi. Imodzi basi. Amati tsiku lina kunabwera munthu atavala chipewa, nati, "Ndimeteni." Iwo anati, "Vulani chipewacho." Iye anati, "Ayi, ingometani zokhazo zimene anthu amaona." Anamumeta mozungulira chipewacho, munthuyo n'kumapita. Patatha mlungu anabweranso atakwiya, nati, "Akulu, ntchito yanu ndi yosalimba. Mphepo yangowomba kamodzi, yonse yatheratu."

Ndiyo yonse imeneyo. Ndinayamba kuimva ndili mwana ndipo sinandiseketsepo. Koma m'shopumo anthu amaseka, anthu omwewo amene anaimva dzulo ndi dzana.

Chaka changa chomaliza cha maphunziro a za maganizo a anthu, ndinafunika kuchita kafukufuku. Ndinasankha funso lakuti n'chifukwa chiyani anthu amaseka. Aphunzitsi amene ankandiyang'anira, mayi amene sindinawaonepo mano, anandiuza kuti funsolo landikulira. "Pezani kuseka kumodzi kumene sikukumveka, muyambire pamenepo." Sindinavutike kufufuza. Kuseka kosamvekako ndinakulira nako.

"Ukufuna kujambula anthu akuseka?" anafunsa Bambo, akunola lumo. "Sukulu yonse ija yathera pamenepa?"

"Ndi sayansi, Bambo."

"Asiyeni a Pulofesa agwire ntchito," anatero a Telala, amene makina awo osokera amakhala pakhonde koma iwo amakhala pabenchi ya Bambo. "Mwina atiuza chifukwa chake akazi athu saseka tikalowa m'nyumba."

"Chimenecho sichifuna yunivesite," anatero a Hedi, mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, amene amameta ndevu Lachiwiri ndi Loweruka lililonse. "Chifuna galasi."

Onse anavomera, anasainira mapepala anga, ndipo Bambo anakhoma kathabwa pakhoma koikapo foni yanga. Kwa miyezi isanu ndi itatu, Loweruka lililonse, ndinkakhala pakona ndi kabuku, kuwerenga masekondi.

Ndinapeza zinthu ziwiri, ndipo zonse zinandikondweretsa kwambiri. Choyamba, nthabwalayo inali ndi malo ake. Kale Bambo ankainena paliponse pamene yawabwerera. Tsopano ankainena pa nthawi imodzi yokha: akamaliza masaya n'kufika pakhosi. Ankakweza chibwano cha munthuyo ndi chala, lumo lili pafupi ndi khosi, kenako n'kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyamba, "Paja ndinakuuzani za munthu wa chipewa?" Chachiwiri, kusekako kunkatalika. Mwezi woyamba kunkatenga masekondi anayi. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu kunali pa khumi ndi awiri. Nthabwala ikamakalamba, kuseka kumayenera kufupika. Kuno kunkakula ngati ndevu.

Ndimakonda zinthu zovuta kumasulira, ndipo ndimadzikonda kwambiri ndikazimasulira. Ndinatenga zifukwa zimene tinaphunzira m'kalasi n'kumazitaya chimodzichimodzi. Munthu amaseka akadzidzimutsidwa ndi chinthu chosayembekezeka: koma a Hedi akanatha kuinena nthabwalayo ali m'tulo. Munthu amaseka akadziona kuti waposa mnzake: koma munthu wa chipewayo anamuposa kalekale, sangamuposenso Loweruka lililonse. Chinatsala chimodzi, chakuti munthu amaseka pofuna kutulutsa mantha. Ndinabwerera ku makanema anga, ndikuyang'ana nkhope zokha, ndipo ndinaona chimene ndinkafuna. Asanaseke, aliyense ankaponya diso ku lumo.

Panali kachinthu kamodzi kosalowa bwino. Anthu a pabenchi nawonso ankaseka, ndipo nthawi zambiri ndiwo ankayambitsa, chonsecho palibe amene anawagwira pakhosi. Ndinakakankhira m'munsi mwa tsamba, m'zilembo zing'onozing'ono: kuseka n'kopatsirana, ngati chimfine.

Tsiku loonetsa kafukufuku linali Lachisanu, ndipo makolo ankaloledwa kubwera. Ndinatchula kunyumba mongodutsa. Amayi anati, "Bambo ako atseke shopu Lachisanu? Tsiku limene unabadwa anabwera kuchipatala ali ndi thovu m'manja, n'kubwereranso." Choncho ndinakonza zolankhula zanga ngati munthu amene akudziwa kuti mwiniwake wa nkhani kulibe.

Holo inadzaza. Anazimitsa magetsi ena kuti zithunzi zioneke, moti ndinkangoona mizere itatu yakutsogolo. Sindinatchule kuti wometayo ndi bambo anga. Ndinangoti "wometa wina wachikulire." Ndinainena nthabwala ya chipewa ndi mawu ouma, ngati ndikuwerenga malangizo a mankhwala, ndipo palibe anaseka. "Mwaona," ndinatero. "Anthu mazana awiri, masekondi palibe. Koma m'shopu ya mkuluyu, nthabwala yomweyi imakolola masekondi khumi ndi awiri. Kusiyana kwake n'kumodzi. Ine ndilibe lumo."

Apa anaseka. Ndinadikira monga ndinakonzera, kenako ndinaponya chomaliza. "Zimene ndapeza n'zakuti aliyense angathe kukhala katswiri wa nthabwala. Chofunika ndi chitsulo chakuthwa ndi khosi la womvera."

Holo yonse inagwa nako kuseka. Ngakhale aphunzitsi anga anaonetsa mano awiri. Ndinawerenga chamumtima, chifukwa chinali chitasanduka chizolowezi: masekondi asanu ndi anayi. Sindinamvepo kukoma kotero.

Kenako ndinaika kanema, woyenda pang'onopang'ono, kuti aone diso la a Hedi likupita ku lumo. Kanemayu ndinali nditamuonera mwina kokwana makumi asanu, pa foni ndi pa kompyuta yanga yaing'ono. Ndinali ndisanamuonepo pa khoma lalikulu ngati la nyumba. Nkhope ya wometa sinkaoneka, ndinali nditaidula. Dzanja lokha ndilo linadzaza khomalo, lalikulu ngati chitseko. Linafika pafupi ndi khosi, n'kuyamba kunjenjemera. Lumo linkagwedera ngati tsamba. Dzanjalo linabwerera m'mbuyo n'kukabisala kuseri kwa ntchafu, ndipo a Hedi, diso lili komweko, anatsegula pakamwa n'kuyamba kuseka. Anaseka, anaseka, akusuzumira m'mbali. Dzanja litatuluka lili phee, nawonso analeka.

Ndinaima ndi kachipangizo kosinthira zithunzi m'manja. Ndinaiwala chiganizo chotsatira.

Mayi wina pamzere wachiwiri anakweza mkono. Anati amaphunzitsa anamwino. "Pepani, funso langa si la kuseka. Kunjenjemera kwa dzanjako kunayamba liti? Mkuluyo anaonana ndi dokotala? Chifukwa kunena zoona, munthu wotere sayenera kugwira lumo pakhosi pa mnzake."

Wina anayatsa magetsi. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunali Bambo, atavala suti imene anavala pa ukwati wa mlongo wanga. Pambali pawo panali a Telala, amene anaisoka. Bambo anaimirira mosapupuluma, anamanga batani la jekete ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba, n'kutuluka. A Telala anatsala pang'ono, akundiyang'ana ngati nsalu imene wina waidula molakwika. Kenako anawatsatira.

Sindikumbukira chimene ndinawayankha mayi aja. Ndinapatsidwa malikisi apamwamba kwambiri m'kalasi mwathu.

Kunyumba palibe anandikalipira, ndipo chimenechi ndicho chinandipweteka. Bambo anati, "Walankhula bwino. Anthu anaseka." Anadya, anasamba m'manja, n'kukakhala panja. Amayi ankatsuka mbale imodzi kwa nthawi yaitali.

"Munkadziwa?" ndinafunsa.

"Ndimawamangira mabatani a malaya m'mawa uliwonse. Ukuganiza kuti ndi chikondi chokha?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Iwe ndi amene unali ndi kamera."

M'mawa mwake ndinapita kwa a Telala. Ndinawapeza pakhonde, akusoka thalauza la mwana wa sukulu. Sanandipatse moni wa Pulofesa.

"Vuto la dzanjalo linayamba chaka chatha," anatero, osakweza mutu. "Limabwera akafika pakhosi, chifukwa pamenepo m'pamene amasamala kwambiri. Akalipumitsa pang'ono limaleka. Koma wometa angaime bwanji chilili, lumo m'manja, munthu ali ndi thovu, osanena kanthu? Ndiye amanena za chipewa."

"Ndiye inu mumaseka kuti..."

"Anayamba ndi a Hedi. Ife tinangoona n'kutsatira. Palibe anauza mnzake. Umayang'ana dzanja, likamagwedera ukuseka, likaima waleka. Ukakhala pabenchi umaliona bwino kuposa wa pampando, ndiye umamuthandiza." Anadula ulusi ndi mano. "Ndi ntchito, mwana iwe. A Hedi ali ndi chifuwa. Tsiku lina anatsala pang'ono kukomoka, dzanja likukana kuima."

"Nanga simuopa?"

"Sanachekepo munthu. Ngakhale kamodzi. Dzanja likamagwedera salifikitsa pakhungu, n'chifukwa chake amabwerera m'mbuyo." Apa anandiyang'ana. "Iwe unati timaseka chifukwa cha mantha. Pamaso pa anthu mazana awiri unawasandutsa bambo ako chigawenga, ife amantha. Zimenezo akanakukhululukira, amadziwa kuti ana a sukulu amalankhula. Koma iwo ankaganiza kuti palibe akudziwa. Ankaganiza kuti nthabwala yawo ndi yabwino."

Makina osokera anayambanso kulira. Ndinaima pamenepo ngati munthu wodikira chovala chimene sanabweretse.

Milungu itatu yotsatira ndinkadutsa pashopupo tsiku lililonse, tsidya lina la msewu. Bambo ankameta ndi makina okha. Wofuna lumo ankamuuza kuti labuntha. A Hedi anabwera Lachiwiri, anauzidwa zomwezo, ndipo anakana makina. "Ndidikira linoledwe," anatero, n'kukhala pabenchi. Loweruka anabweranso. Pofika mlungu wachitatu anali ndi ndevu zoyera ngati mneneri, ndipo pabenchi panatsala iwo ndi a Telala basi. Ena anali atayamba kupita kwina. M'shopumo munkangomveka njuchi yodwala ija.

Ndinayesa kulemba kalata yopepesa. Inafika masamba anayi, ndipo inali ndi mitu ing'onoing'ono. Nditaiwerenga ndinaona kuti ndikufotokozabe, ndikuonetsabe kuti tsopano ndamvetsa bwino kuposa aliyense. Ndinaing'amba. Amayi anandiuza kuti akuchipatala anawapatsa Bambo mankhwala, ndi kuti dokotala anati vutoli limayenda pang'onopang'ono koma silibwerera m'mbuyo. Anandiuzanso kuti ndisiye kuyenda ngati wakuba m'nyumba ya makolo anga.

Chinthu chokha chimene ndinachita m'milungu imeneyo n'chakuti sindinamete ndevu. Si kuti ndinakonza. Sindinkafuna kudziona pagalasi.

Loweruka lachinayi ndinawoloka msewu. Bambo ankasesa pansi pamene panalibe tsitsi. Ndinapereka moni, n'kukhala pampando wometera.

"Tsitsi?" anafunsa Bambo.

"Ndevu."

A Hedi anatsitsa nyuzipepala. "Ndevu zake ziti? Tizitcha ndevu timeneti? Tikuoneka ngati udzu wa pabwalo la mpira."

"Ingomupukutani ndi thaulo, zichoka," anatero a Telala.

Bambo anatenga makina.

"Ndi lumo, Bambo."

"Labuntha."

"Lamba ali apoyo."

Anandiyang'ana kudzera pagalasi. Ndinkafuna kuyang'ana pansi koma ndinadzikakamiza.

"Sukuopa?" anatero. "Paja ndinamva kwa munthu wina wophunzira kwambiri kuti ndimaopseza anthu."

"Munthuyo anali chitsiru."

"Anakhoza bwino, ndamva."

"Eya. Chitsiru chokhoza bwino."

Kenako anatsegula dirowa. Phokoso la lumo pa lamba ndi limene ndinakulira nalo, koma tsiku limenelo ndinalimva ngati ndikuyamba kumene. Anandifunda nsalu, anapaka thovu lofunda, n'kuyamba tsaya lamanzere. Ndinali ndisanametedwepo ndi lumo lawo. Miyezi isanu ndi itatu ndikulemba za mpando umenewu, osaukhalapo. Dzanja lawo linali lopepuka moti ndinkangomva kamphepo pamene thovu lachoka.

Anamaliza masaya. Anakweza chibwano changa ndi chala. Ndinaona denga, ndi kathabwa kaja kamene anandikhomera, kakadali pakhoma. Kenako chala chija chinachoka.

Pagalasi ndinaona dzanja likutsikira kuseri kwa ntchafu. Bambo anaima, maso ali pansi. Sananene kanthu. Pabenchi palibe anapuma. Chete ameneyu ndi amene nthabwala ija inkaphimba, ndipo ndine ndinamuvundukula. Ndinamva thovu likuuma pakhosi.

"Bambo," ndinatero, "munthu wa chipewa uja, zinatha bwanji?"

"Umaidziwa."

"Ndinaimva kwa munthu wosadziwa kuinena."

Ndinaganiza kuti akana. Anakhosomola. Anayamba motsitsa mawu, ngati akuwerenga chikalata cha kukhoti. Koma atafika pa "zokhazo zimene anthu amaona," thupi linawakumbutsa lokha: anagwira chipewa chosaoneka ndi dzanja lamanzere n'kuchikanikizira kumutu, maso atatuzuka, monga amachitira nthawi zonse. Zimenezi ndinali ndisanaziikepo m'kabuku kanga. Sizinali nkhope za omvera.

"Mphepo yangowomba kamodzi," anamaliza, "yonse yatheratu."

Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka sichinali kuseka. Chinali ngati chitseko chosowa mafuta.

"Ambuye," anatero a Telala. "Zaka zinayi pa yunivesite."

"Kuchokera m'mimba, mnyamata," anatero a Hedi. "Osati m'mphuno. Taona." Anaonetsa. Kunali kuseka kwa katswiri, koyamba pansipansi n'kumakwera, kothera m'chifuwa. A Telala analowererapo ndi kwawo kopyapyala. Ndinayesanso, ndipo kunatuluka koipa kuposa koyamba, moti Bambo anatembenukira kukhoma mapewa akugwedera. Ankaseka ine. Pamenepo kwanga kunabwera kokha, kosakonza, pamodzi ndi misozi imene inatsikira m'thovu. Sindikudziwa kuti kumeneko ndingakuike m'gulu liti.

Dzanja linatuluka lili phee. Pabenchi analeka. Bambo anapakanso thovu pamene linauma, anakweza chibwano changa, ndipo lumo linadutsa pakhosi katatu, mosalala. Anapukuta ndi thaulo lotentha n'kundivula nsalu.

Akutsuka lumolo, anafunsa osanditembenukira, "Angati?"

"Chiyani, Bambo?"

"Masekondi."

"Sindinawerenge."

"Usandinamize. Milomo yako imayenda."

Ndinayang'ana a Telala. Iwo anayang'ana kudenga.

"Khumi ndi asanu," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Pa khoma lija unati khumi ndi awiri."

"Eya."

Anaumitsa lumo, analipinda, n'kuliika pashelefu pansi pa galasi, osati m'dirowa. "Uzibwera Loweruka," anatero. "Foni uzisiya kunyumba. Awa ndi anzanga, sangandiuze, angaseke mpaka kufa. Iwe ulibe chisoni, ndaona. Masekondi akadzafika makumi awiri udzandiuze. Lumoli ndidzaliika pansi ndekha."

Ndinati chabwino.

A Hedi anali ataimirira kale, akuvula jekete. "Tachokani pampando, a Pulofesa," anatero, akusisita ndevu za milungu inayi. "Izi zifuna nthabwala ya chipewa kawiri."